Phulusa pa Kapinga wa La Bombonera

Tsiku limene timu ya Boca Juniors ikusewera pakhomo, dera la La Boca mumzinda wa Buenos Aires limayamba kusintha kudakali maola angapo mpira usanayambe. Apolisi amatchinga misewu ndi zitsulo, mabasi amatsitsira anthu patali, ndipo kuyambira pamenepo aliyense ndi wapansi. Mwana ali paphewa pa bambo ake, gogo wavala jezi yozilala imene anagula Maradona adakali mnyamata, atsikana adzipaka utoto wa buluu ndi wachikasu m'masaya. M'mbali mwa msewu utsi uli tolotolo. Ogulitsa akuotcha masoseji onenepa pamakala, kuwang'amba pakati, kuwapana mu buledi n'kuthirapo msuzi wa masamba, adyo ndi mafuta. Ameneyo ndiye choripán, ndipo munthu amadya akuyenda, mafuta akutsikira kuchigongono.

Bwalolo silionekera patali. Munthu amadutsa pakati pa nyumba zakale za malata zimene munkakhala anthu ogwira ntchito padoko, amakhota pakona, kenako n'kungoona chikhoma chachitali cha buluu ndi chikasu chili njo pamaso pake, mumsewu wa Brandsen. Dzina lake la m'mabuku ndi Estadio Alberto J. Armando, koma palibe amene amadzivutitsa nalo. Kwa aliyense ndi La Bombonera. Linatsegulidwa pa 25 May 1940, ndipo malo amene kalabu inali nawo anali ochepa kwambiri moti katswiri wojambula mapulani Viktor Sulčič ndi injiniya José Luis Delpini anachita kuliunjika chokwera m'malo molitambasula. Lero mbali zitatu zili ndi nsanja zitatuzitatu zosanjikizana, zotsetsereka moti wokhala pamwamba penipeni amaona osewera kunsi kwa mapazi ake. Mbali yachinayi ndi khoma loongoka lokhala ndi tizipinda ta anthu a ndalama. Amene ali m'munsi akhoza kulankhula ndi wosewera amene wabwera kudzaponya mpira pamzere, ndipo amalankhula nayedi, mawu ake osayenera kulembedwa m'magazini.

Kuseri kwa golo limodzi kumakhala gulu la La Doce, wosewera wa nambala 12. Dzinali linayambira mu 1925, pomwe sapota wina wotchedwa Victoriano Caffarena anatsagana ndi timu paulendo wa ku Ulaya n'kumathandiza osewera ngati mmodzi wa iwo. Lero La Doce ndi ng'oma, malipenga, maambulera ndi mbendera zazitali zotsika kuchokera pansanja mpaka pansi. Amaimba mphindi 90 zonse osapuma, ndipo timu ikachinyidwa m'pamene amakweza mawu. Anthu oposa 50,000 akayamba kudumpha pamodzi, simenti ya pansi pa mapazi imagwedezeka, osati mophiphiritsa ayi, imagwedezekadi. Mlendo amagwira chitsulo, maso ali pamtunda. Eni ake amamuseka. Amati bwalo silikunjenjemera, ndi mtima wake umene ukugunda.

Zonsezi munthu akhoza kuzitcha chisangalalo chabe. Chovuta kuchitcha chisangalalo n'chimene chimachitika mwakachetechete pampanda wa waya umene umalekanitsa anthu ndi kapinga. Nthawi zina mpira ukatha, nthawi zina tsiku wamba alendo akuzungulitsidwa m'bwalo, munthu amasendera kumpandako, amatulutsa kajumbo m'jekete, amayang'ana uku ndi uku, n'kukhuthula fumbi lotuwa. Fumbilo ndi bambo ake, kapena m'bale wake, amene asanamwalire anasiya mawu akuti mtembo wake ukawotchedwa phulusa likathiridwe ku La Bombonera. Mchitidwewu unakula moti osamalira bwalo anayamba kudandaula kuti phulusa likuwononga kapinga. Mu 2006 kalabu inatsegula manda akeake m'chigawo china cha manda a Parque Iraola, kummwera kwa mzindawu, okhala ndi malo a anthu pafupifupi 3,000, maluwa ake a buluu ndi achikasu. Oyamba kugonekedwa kumeneko anali magoloboyi awiri akale a timuyi, amene mafupa awo anachita kusamutsidwa. Palinso mabokosi a maliro a mitundu ya Boca, okhala ndi chizindikiro cha kalabu.

Zaka khumi pambuyo pake, mu October 2016, likulu la mpingo wa Katolika ku Vatican linatulutsa malangizo okhudza kuwotcha mitembo. Mpingo unali utalola kale zowotchazo mu 1963, koma tsopano unanenetsa kuti phulusa la Mkhristu lisamwazidwe pamtunda, m'madzi kapena mumlengalenga. Lisungidwe pamalo opatulika. Amene anavomereza malangizowo ndi Papa Francis, mwana wa mzinda womwewu wa Buenos Aires, munthu amene ankadziwa bwino lomwe kumene phulusa la anansi ake limathera. Ndiye mpingo ukuti malo opatulika, sapota nayenso akuti malo opatulika, koma akuloza mbali zosiyana. Funso lagona pamenepa: malo amapatulika bwanji, ndipo amawapatula ndani?

Yankho lofulumira, limene mlaliki aliyense angapereke osaganiza kawiri, n'lakuti uku ndi kupembedza mafano, ndipo umboni sasowa. Pa 30 October 1998, tsiku lokumbukira kubadwa kwa Diego Maradona, anyamata ena a mumzinda wa Rosario anayambitsa Iglesia Maradoniana, mpingo wa Maradona. Uli ndi malamulo khumi ake, umawerenga zaka kuyambira 1960 pamene iye anabadwa, ndipo umakumbukira tsiku la 22 June 1986 pomwe anagoletsa England ndi dzanja ku Mexico n'kunena kuti linali dzanja la Mulungu. Pazikhoma za mumzinda dzina la Mulungu m'Chisipanishi limalembedwa D10S, nambala ya jezi yake ili pakati. Ku La Bombonera komweko Maradona, amene anasewerera Boca mu 1981 n'kubweranso kuyambira 1995 mpaka 1997, anali ndi kachipinda kake pakhoma loongoka lija, m'mene ankasuzumira chifuwa chili pamtunda akupukusa jezi ngati sapota wamba. Usiku wa tsiku limene anamwalira, pa 25 November 2020, kalabu inazimitsa magetsi onse a m'bwalo n'kusiya babu wa m'kachipindako yekha.

Koma amene akufuna kupeza fano ku La Boca asataye nthawi ndi Maradona. Mpingo wa ku Rosario uja ndi nthabwala yodziwa kuti ndi nthabwala, yosakaniza chikondi ndi chipongwe, ndipo ambiri mwa mamembala ake amabatiza ana awo kwa wansembe ngati wina aliyense. Anthu a ku Argentina ankamudziwa Maradona mkati ndi kunja: mankhwala osokoneza bongo, ana amene anayamba wawakana, kuthamangitsidwa kwake pa World Cup ya 1994. Palibe amene ankayembekeza kuti amuukitsa kwa akufa. Ankamukonda chifukwa anachokera m'zithando za Villa Fiorito n'kukachititsa manyazi akuluakulu, komanso chifukwa ankagwa pagulu monga momwe iwo amagwera mseri. Ndiponso munthu amene akuthira phulusa la bambo ake pakapinga sakuliperekera kwa Maradona. Akulibweza pamalo pamene bamboyo ankamugwira dzanja Lamlungu lililonse.

Katswiri wa ku France Émile Durkheim analemba mu 1912 kuti chopatulika chimabadwa anthu akasonkhana. Powerenga malipoti a miyambo ya eni nthaka a ku Australia, iye anaona kuti munthu akakhala m'khamu limene likuimba ndi kuvina pamodzi amamva mphamvu yoposa yake ikumunyamula, ndipo mphamvuyo amaipachika pa chizindikiro, kaya ndi nyama, mwala kapena mbendera. Kwa Durkheim, chimene gulu limapembedza ndi gulu lomwelo. Okhulupirira ambiri sangavomereze kuti Mulungu ndi dzina lina chabe la gulu la anthu, ndipo ali ndi zifukwa zomveka. Koma kunena za bwalo la mpira, bamboyu analasa. Kapinga wa ku La Bombonera amasinthidwa, osewera amagulitsidwa ku Ulaya asanamere ndevu zokwanira, makochi amachotsedwa chaka chisanathe. Chimene chimatsala ndi anthu, obwera pamalo amodzi mibadwo inayi, kuimira pasitepe yomweyo.

Ndipo tiyenera kukumbukira kuti anthuwo anali ndani. Boca Juniors inayambitsidwa pa 3 April 1905 ndi achinyamata a m'mabanja ochokera ku Italy, m'dera lodzaza ndi anthu a ku Genoa amene anawoloka nyanja kudzasenza katundu padoko la mtsinje wa Riachuelo. Mpaka lero masapota amadzitcha Xeneizes, anthu a ku Genoa. Mbiri imati ngakhale mitundu ya jezi anaitenga pambendera ya sitima ya ku Sweden imene inafika padokopo. Anali anthu amene midzi yawo ndi manda a makolo awo zinatsala kutsidya kwa nyanja, kumene ambiri sanabwererekonso. Mmalawi amene anaonapo anthu a ku Johannesburg akusonkherana ndalama kuti thupi la mnzawo likwere galimoto masiku awiri kapena atatu likagone kumudzi, pafupi ndi amayi ake, akudziwa kulemera kwa funso lakuti munthu akaikidwe kuti. Nanga amene mudzi wake unatayika? Amamanga wina. Adzukulu a osenza katundu aja anaumanga ndi simenti mumsewu wa Brandsen.

Baibulo silimaseka njala yotereyi. Yosefe, nduna yaikulu ya ku Ejipito, analumbiritsa abale ake kuti adzanyamule mafupa ake pobwerera kwawo, ndipo Mose anawanyamuladi. Namani, mkulu wa asilikali a ku Siriya, atachira khate mumtsinje wa Yorodano anapempha mneneri Elisa chinthu chodabwitsa: dothi la m'dziko la Israeli lokwana kusenzetsa nyulu ziwiri, kuti akapembedzerepo kwawo. Mneneri sanamudzudzule. Munthu ndi wadothi, ndipo chikondi chake chimafuna pokhazikika, pamene angaloze ndi chala.

Umboni wamphamvu wakuti nkhani ndi dothi, osati zitsulo ndi simenti, uli mtunda wochepa kuchoka ku La Boca, m'dera la Boedo. Kalabu ya San Lorenzo inabadwira m'manja mwa wansembe. Bambo Lorenzo Massa, wa chipani cha Salesian, ankaona anyamata akusewera mpira mumsewu momwe munkadutsa matiramu, ndipo mmodzi atatsala pang'ono kugundidwa, anawapatsa bwalo la kutchalitchi, pangano lake n'lakuti azibwera ku Misa. Kalabu inakhazikitsidwa pa 1 April 1908. Mu 1916 inatsegula bwalo lake, Gasómetro, mumsewu wa Avenida La Plata, ndipo n'kumeneko kumene kamnyamata ka zaka 9 kotchedwa Jorge Bergoglio kankapita ndi makolo ake mu 1946 kukaonerera René Pontoni ndi anzake akutenga ligi. Kamnyamatako ndi kamene kanadzakhala Papa Francis, membala nambala 88235 wa kalabuyi.

Pa 2 December 1979, dziko lili m'manja mwa asilikali ndipo kalabu ili m'ngongole, San Lorenzo inasewera komaliza pabwaloli. Inali ndi Boca, ndipo sanachinyane. Bwalo linagwetsedwa, malo anagulitsidwa, ndipo m'zaka za m'ma 1980 panamangidwa sitolo yaikulu ya Carrefour. Pamene panali golo panabwera mashelefu a sopo ndi mafuta ophikira. Timu inakhala zaka 14 ikubwereka mabwalo a ena mpaka inamanga lina mu 1993 ku Bajo Flores, bwalo labwinobwino, lalikulu, kumene inatengerako ngakhale chikho cha Copa Libertadores mu 2014. Munthu woganiza ndi mutu wokha akanati nkhani yatha. Koma pa 8 March 2012 chinamtindi cha masapota, pafupifupi 100,000, chinadzaza bwalo la Plaza de Mayo kufuna malo akale. Mu November chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya mzinda inakhazikitsa lamulo lowabwezera. Anthu wamba, ena osapeza bwino n'komwe, anasonkha ndalama pogula dothilo mita ndi mita, ndipo pa 1 July 2019, pakati pa usiku, kalabu inalandiranso malowo anthu akulira. Pamene Papa amamwalira mu April 2025 bwalo latsopano, limene anagwirizana kuti lidzatchedwe dzina lake, linali lisanamangidwe. Anthu analipira kuti apeze chipululu cha simenti, chifukwa agogo awo anaimapo.

Papayo, tinene modutsa, anasiya kuonera wailesi yakanema mu 1990 chifukwa cha lonjezo limene anachita kwa Amayi Maria. Zotsatira za San Lorenzo ankachita kuuzidwa ndi mmodzi wa asilikali omulondera. Ankaikonda timu yake, koma anadziwa poiika.

Mpaka apa nkhani ikukoma, ndipo wolemba wokonda mpira akhoza kuimira pomwepa n'kunena kuti bwalo ndi tchalitchi cha anthu wamba. Kungakhale kunama. Zaka zoposa 1,600 zapitazo Augustine, bishopu wa ku Hippo kumpoto kwa Africa, anasimba za mnzake Alypius, mnyamata wodziletsa wa ku Thagaste amene anapita ku Rome kukaphunzira zamalamulo. Alypius ankanyansidwa ndi masewero a anthu ophana ndi malupanga. Tsiku lina anzake anamukokera kubwalo mokakamiza, iye n'kuwauza kuti thupi alitenga koma maganizo ake sawapeza. Anakhala pansi n'kutsinzina. Kenako munthu wina anagwa m'bwalomo, khamu lonse linakuwa, ndipo phokosolo linamutsegula maso. Ataona magazi sanayang'anenso kumbali. Anakuwa nawo, anatuluka ataledzera nazo, ndipo ulendo wotsatira ndi iye amene ankakoka ena. Augustine anaona chimene Durkheim sanachiope mokwanira: mphamvu imene imanyamula munthu m'khamu siifunsa kaye ngati kumene ikupita n'kwabwino. Alypius anatseka maso, koma analowera m'makutu.

Mpira wa ku Argentina uli ndi manda ake enieni, osati a maluwa a buluu okha. Pa 23 June 1968, Boca itasewera ndi River Plate pabwalo la Monumental, masapota a Boca ankatsika masitepe amdima opita pachipata nambala 12. Potulukira panali potsekeka, akumbuyo sanadziwe, anapitiriza kukankha. Anthu 71 anafa, ambiri a iwo achinyamata osafika zaka 20. Palibe amene anapezeka wolakwa pa imfazo, ndipo chipatacho anangochisintha dzina. Pa 30 April 1994 River inapambana 2-0 ku La Bombonera, ndipo mpira utatha zigawenga za La Doce zinawombera lole imene inanyamula masapota a River n'kupha awiri. Pazikhoma panaoneka mawu akuti River 2, Boca 2. Munthu anatenga utoto n'kuwerengera mitembo ngati zigoli. Mtsogoleri wa gululo, José Barritta, amene ankatchedwa El Abuelo, anadzalowa m'ndende.

Kunena zoona, ochita zimenezi ndi ochepa poyerekeza ndi khamu lonse. Magulu otchedwa barra brava ndi bizinesi: amagulitsa matikiti mwachinyengo, amalipiritsa oimika magalimoto m'misewu ya boma, amabwerekedwa ndi andale. Gogo wa jezi yozilala uja sanaphepo munthu. Koma nyimbo zimene bwalo lonse limaimba, gogoyo ali momwemo, n'zodzaza ndi kunyoza mdani, ndipo pamene palibe mdani nyimbo zambiri zilibe chonena. River Plate nayo inabadwira m'dera lomweli la La Boca mu 1901 isanasamukire kumpoto kwa anthu olemera, moti udaniwu ndi wa pachibale. Unafika poti zikwangwani za Coca-Cola ku La Bombonera zinali zakuda ndi zoyera, chifukwa kufiira ndi kuyera ndi mitundu ya River.

Mu June 2013 sapota wa Lanús anaphedwa ndi chipolopolo cha apolisi pabwalo la mumzinda wa La Plata, ndipo akuluakulu analetsa masapota a timu yobwera kulowa m'mabwalo pamasewero a ligi. Chiletsocho chinakhala zaka zoposa khumi. Ana anabadwa n'kukula osaonapo munthu wovala jezi ina atakhala mbali inayo. Timu yobwera ikachinya ku La Bombonera, kunkamveka kukuwa kwa osewera 11 ndi anzawo a pabenchi, basi. Ngakhale zinali choncho mtendere sunabwere. Mu May 2015, pa Copa Libertadores, osewera a River akutuluka kudzayamba chigawo chachiwiri anapoperedwa mankhwala oyabwa ngati tsabola kuchokera kwa masapota a Boca, masewero anathera pomwepo ndipo Boca inachotsedwa mumpikisano. Mu November 2018 matimu awiriwa anakumana mu ndime yomaliza ya chikho chomwecho. Masapota a River anagenda basi ya Boca, ndipo masewero achibwereza anakachitikira ku Madrid pa 9 December, River n'kupambana 3-1. Chikho chotchedwa dzina la amene anamasula South America m'manja mwa Spain chinakaperekedwa mulikulu la Spain.

Apa m'pamene kusiyana kwa malo opatulika awiri aja kumaonekera. Solomo popereka kachisi wa ku Yerusalemu anapempherera ngakhale mlendo wochokera kutali, wosakhala wa mtundu wake, kuti akadzapemphera pamalopo adzamvedwe. Namani amene anatenga dothi uja anali mkulu wa asilikali a adani. Mkazi wa ku Samariya atafunsa Yesu kuti malo oyenera ndi ati, phiri la makolo ake kapena Yerusalemu, anayankhidwa kuti ikudza nthawi imene funsolo lidzatha ntchito. Matchalitchi ndi mizikiti akhala akulephera muyeso umenewu kambirimbiri, ndipo mbiri yawo ili ndi magazi ochuluka kuposa a mpira. Komabe ali ndi mawu olembedwa owatsutsa akalephera, mawu amene iwo sanadzilembere kuti adzikometse. Bwalo la mpira lilibe mawu oterowo. Linapatulidwa ndi eni ake, choncho limatenga khalidwe la eni ake: limasunga akufa awo mokhulupirika, limalera ana awo, limatonthoza wosauka amene sabata yonse wakhala akulamulidwa, ndipo limatseka chipata pamaso pa mwana wa mnansi. Likalakwa, palibe wina woposa khamulo woti alidzudzule, kupatula apolisi.

Kamodzi m'zaka zaposachedwa pamene mpanda unagwa panali pamaliro. Thupi la Maradona litagonekedwa kunyumba ya boma ya Casa Rosada pa 26 November 2020, makamera anajambula amuna awiri, wina mu jezi ya Boca wina ya River, atakumbatirana akulira. Chithunzicho chinazungulira dziko lonse chifukwa chinali chachilendo. Madzulo a tsiku lomwelo anthu ankathamangitsana ndi apolisi pakhomo pa nyumbayo.

Mlendo wofuna kukaona La Bombonera patsiku la masewero amakumana ndi mpanda wamtundu wina, wopanda ziwawa koma wolimba. Matikiti a ligi sagulitsidwa pawindo. Boca ili ndi mamembala oposa 300,000 pamene bwalo silifika anthu 60,000, ndiye malo ndi a mamembala okha, ndipo ngakhale iwo amachita kulimbirana pa intaneti. Pali gulu lalikulu la mamembala ongodikira, amene amalipira mwezi ndi mwezi kwa zaka kuti tsiku lina adzakwezedwe. Wochokera kunja amadzera kwa makampani a zokopa alendo, amalipira madola a ku America, nthawi zambiri n'kulowa ndi khadi ya membala wina amene waona kuti ndalamayo imuthandiza kuposa mpirawo. Amauzidwa kuti asavale chofiira ndi choyera, asatulutse foni mumsewu, ndipo akachinya a timu inayo asaonetse mano. Amene zamukanika amakalowa kumyuziyamu ya kalabu, yotsegulidwa mu 2001, n'kujambulitsa pafupi ndi chiboliboli cha Maradona. Pamene mlendo wa madola akukwera masitepe, mnyamata wobadwira m'nyumba ya malata moyang'anizana ndi bwalolo akumvera phokoso ali panja, akulondera galimoto ya munthu wina.

Njira yochotsera vutoli ikudziwika, ndipo mamembala anaikana. Pachisankho cha kalabu mu December 2023, Andrés Ibarra, amene womutsatira wake anali Mauricio Macri, mtsogoleri wakale wa Boca komanso wa dziko la Argentina, analonjeza bwalo latsopano la anthu oposa 100,000 pamalo a kalabu otchedwa Casa Amarilla, mtunda woyenda mphindi zochepa kuchokera pabwalo lakale. Wopikisana naye anali Juan Román Riquelme, katswiri wakale wa nambala 10, amene anati timu sichoka pakhomo. Riquelme anapambana ndi mavoti pafupifupi awiri mwa atatu alionse. Anthu anasankha kukhala m'bwalo limene mamembala anayi mwa asanu sangakwanemo, kusiyana n'kusuntha mamita mazana ochepa.

Chotsala n'kulikuza pomwe lililo, ndipo apa nkhani imagunda khoma loongoka lija. Kuseri kwake kuli msewu wa Del Valle Iberlucea, ndipo kutsidya kwa msewuwo kuli nyumba za anthu. Kuti mbali yachinayi ikhale ndi nsanja ngati zinzake, kalabu iyenera kugula nyumbazo n'kuzigwetsa. Atsogoleri angapo ayesapo. Eni nyumba ena anavomera kugulitsa, ena akufuna mtengo umene kalabu ikuti ndi wokwera, ndipo ena akukana kaya ndalama zichuluke bwanji. Ena mwa okanawo ndi masapota a Boca, ndipo chifukwa chimene amapereka n'chakuti m'nyumbamo ndi mmene anabadwira komanso mmene makolo awo anamwalirira.